Dera 94 ku Virginia: Mavoti 11,608 Mbali Iliyonse, Phungu Nkupezeka pa Maere

Lipotili likutsata kampeni imodzi ya uphungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Virginia ku United States, kuyambira pomwe wopikisana analowa mumpikisano mu 2017 mpaka pomwe nkhaniyo inathera. Opikisana awiri akuluakulu tiziwatchula ndi zipani zawo basi: mayi wa chipani cha Democratic, amene kampeni yawo ndiyo tikuiunika, ndi bambo wa chipani cha Republican amene anali kale phungu wa deralo.

Mpando womwe ankalimbirana

Ku America chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, yosiyana ndi Congress ya ku Washington. Ya ku Virginia imakumana ku Richmond ndipo ili ndi zipinda ziwiri, Senate ya mipando 40 ndi House of Delegates ya mipando 100. Mpando wa nkhaniyi ndi wa House of Delegates. Phungu wake amakhalapo zaka ziwiri zokha, panthawiyo ankaimira anthu pafupifupi 80,000, ndipo amalandira madola 17,640 pachaka, ndalama yochepa moti ambiri sasiya ntchito zawo zina. Komabe bajeti ya chigawo, ndalama za sukulu, za misewu ndi za thandizo la kuchipatala kwa osauka zimadutsa m'manja mwa anthu 100 amenewa. Wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana ngakhale asafike theka, monga zimakhalira ndi aphungu ku Malawi.

Dera 94 linali mumzinda wa Newport News, m'mbali mwa mtsinje wa James, mzinda wodziwika ndi fakitale yokhoma sitima zankhondo zapamadzi. Bambowa analowa pampando pa chisankho cha 2011. Mayiwa anali membala wa bodi yoyang'anira sukulu za mumzindawo, ndipo mu 2015 anapikisanapo ndi bambo omwewa nkugonja mosachita kufunsa.

Wongoona zotsatira za 2015 akanati deralo ndi lotayika. Kuwerenga kotero nkolakwika, ndipo chifukwa chake chili pa kalendala. Virginia imasankha aphungu ake m'zaka zosagawika pawiri, zomwe kulibe chisankho cha pulezidenti. Mu 2015 kunalibenso chisankho cha gavanala, mtsogoleri wa chigawo, ndiye anthu amene anavota m'chigawo chonse anali pafupifupi 29 pa 100 alionse olembetsa. Mu 2017 kunali chisankho cha gavanala, ndipo chiwerengerocho chinakwera kufika pafupifupi 48. Chizindikiro china chinaoneka mu 2016, pomwe anthu a m'dera lomweli anapereka mavoti ambiri kwa woimira Democratic pa upulezidenti. Madera 17 amtundu umenewu anali m'manja mwa aphungu a Republican, amene panthawiyo anali ndi mipando 66 pomwe Democratic inali ndi 34. Anthu okonda chipani cha mayiwa analipo okwanira m'deralo, vuto linali loti pa chisankho cha aphungu ankakhala kunyumba.

Kampeni yoyamba mochedwa

Mayiwa sanali woimira chipani woyambirira chaka chimenecho. Analowa m'malo mwa wina amene anasiya mpikisano kutatsala miyezi yochepa. Kuchedwa kotero kumadula kwambiri pa mpando waung'ono ngati uwu, chifukwa ntchito yeniyeni ndi yogogoda khomo ndi khomo, ndipo khomo limodzi sulifika kamodzi nkukhulupirira kuti wamaliza.

Ku Virginia munthu polembetsa satchula chipani chake. Kaundula amangoonetsa dzina, adiresi ndi zisankho zomwe munthuyo anavotapo, osati amene anamuvotera. Kampeni imagawa anthu potengera mbiri imeneyi. Ovota chaka ndi chaka amafunika kuwakopa ndi mfundo. Ovota pa pulezidenti pokha amafunika kuwakumbutsa tsiku, malo ndi chitupa choti atenge, pakuti mu 2017 lamulo linkafuna chitupa chokhala ndi chithunzi. Palinso gulu lachitatu lomwe makampeni ambiri amaliiwala, la anthu amene amafika pamalo ovotera, nkuchonga gavanala pamwamba pa pepala, dzina la phungu m'munsimu nkulisiya losakhudza chifukwa sakulidziwa. Woimira Democratic pa ugavanala anapambana m'Dera 94, koma mayiwa sanapeze mavoti onse amene iye anapeza. Ena anavotera bambowa chifukwa chowazolowera, ena anadumpha.

Papepala panalinso wopikisana wachitatu wa chipani cha Libertarian, amene anapeza mavoti 675. Nthawi zambiri munthu wotere palibe amene amamuwerengera. Pano mavoti ake anali ochuluka kuposa kusiyana kwa awiriwo pa kuwerenga koyamba (mavoti 10) maulendo oposa 60.

Usiku wa 7 Novembala ndi masiku otsatira

Malo ovotera anatsegulidwa 6 koloko m'mawa nkutsekedwa 7 koloko madzulo. Usiku umenewo chipani cha Democratic chinalanda mipando yambiri kuposa momwe aliyense ankayembekezera, ndipo madera anayi anatsala osadziwika bwino. Dera 94 ndilo linali lothinana kuposa onse.

Zotsatira za usiku wa chisankho si zomaliza. M'masiku otsatira bodi ya chisankho ya mumzinda imafananiza manambala a makina ndi mafomu a malo ovotera alionse, kenaka imagamula za mavoti oyembekezera, a anthu amene anafika opanda chitupa kapena amene dzina lawo silinaoneke m'kaundula. Woiwala chitupa ankapatsidwa mpaka 12 koloko masana Lachisanu kuti akachionetse, apo ayi voti yake inkatayidwa. Masiku atatu amenewa ndi a kampeni ndithu. Pamafunika anthu oimba foni, galimoto yonyamula munthu kupita naye ku ofesi ya chisankho, ndi loya wokhala pamsonkhano wa bodi. Antchito ambiri amakhala atatopa kapena atabwerera kwawo, ndipo mavoti amene akanapulumuka amafera pamenepa.

Zonse zitatha, zotsatira zovomerezeka zinati bambowa 11,601, mayiwa 11,591. Kusiyana kwa mavoti 10 pa mavoti pafupifupi 24,000.

Chiganizo choyamba: kupempha kuwerenganso

Ku Virginia mavoti sawerengedwanso okha. Wogonja ayenera kukapempha kukhoti pasanathe masiku 10 zotsatira zitatsimikizidwa, ndipo amaloledwa ngati kusiyana sikupitirira 1 pa 100. Kusiyana kukakhala kosapitirira theka la 1 pa 100, ndalama za ntchitoyo zimachokera kuboma. Mavoti 10 anali kutali m'kati mwa malire amenewa, choncho apa panalibe chozengereza. Chothandiza china chinali chakuti voti iliyonse inali papepala. Mu Seputembala chaka chomwecho bodi ya chisankho ya chigawo inali italetsa makina ovotera ongodina pagalasi, amene sasiya pepala loti munthu akaliyang'anenso.

Ntchitoyi imayang'aniridwa ndi oweruza atatu. Mapepala a malo ovotera alionse amaperekedwa kwa anthu awiri, mmodzi wosankhidwa ndi mbali iliyonse, ndipo mamonita amaima pambali kuonerera. Mapepalawo amalowetsedwanso m'makina amene akonzedwa kuti azilavula pepala lililonse lomwe sakulimvetsa: lochongedwa mayina awiri, losachongedwa konse, kapena lolembedwa dzina pamanja. Olavulidwawo ndiwo amawayang'ana ndi maso, motsata kabuku ka zitsanzo komwe bodi ya chisankho inatulutsa. Makina amangoona kabowo kodetsedwa bwino. Munthu amaona zambiri. Wina amazungulira dzina, wina amachonga kunja kwa kabowo, wina amadetsa mopepuka. Awiriwo akagwirizana, pepala limawerengedwa kapena kutayidwa pomwepo. Akasiyana, limapatulidwa kuti oweruza akagamule.

Pa 19 Disembala ntchito inatenga tsiku lonse. Mayiwa anaonjezera mavoti 17, bambowa 6. Madzulo manambala anali 11,608 kwa 11,607, mayiwa patsogolo ndi voti imodzi. Voti imeneyo inkatanthauza mipando 50 mbali iliyonse, ndipo mu House of Delegates mulibe munthu wodula mkangano mavoti akafanana, choncho zipani zikanakakamizika kugawana mipando ya m'makomiti. Atsogoleri a Republican anatulutsa chikalata chowayamikira mayiwa. Nkhani inafalikira dziko lonse kuti apambana.

Chomwe chinali chisanachitike ndi chakuti oweruza atatu aja anali asanasaine. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pepala limodzi

M'mawa wa 20 Disembala maloya a bambowa anafika kukhoti ndi kalata yochokera kwa mmodzi wa owerenga amene mbali yawo inasankha. Iye analemba kuti dzulo lake panali pepala lina lomwe anavomera kuti litayidwe monga lochongedwa pawiri, koma mtima sunamukhale, ndipo ankaona kuti linayenera kupita kwa bambowa. Oweruza analola kuti bokosi litsegulidwe, pepalalo nkulitulutsa.

Pepalalo linali motere. Pa mpando wa phungu, tibowo ta opikisana awiri onse tinali todetsedwa, koma pa kabowo ka mayiwa panadutsa kamzere kopendekera. Pa mipando ina ya chigawo wovotayo anasankha a Republican okhaokha. Pa ugavanala, kabowo ka woimira Republican kanali kodetsedwa, komanso kanali ndi zolemba zina pamwamba pake zooneka ngati mtanda.

Maloya a bambowa anati nkhani ndi yoonekeratu: munthuyu ndi wa Republican, analakwitsa nkudetsa kabowo ka mayiwa, kenaka anakafafaniza ndi mzere. Maloya a mayiwa anayankha kuti ngati mzere ukutanthauza kufafaniza, ndiye kuti wovotayo anafafanizanso gavanala wa chipani chake, zomwe sizikumveka. Ngati zolemba za pa gavanala zinali zotsindika, mzere wa pa mayiwa ukhozanso kukhala wotsindika. Pepala lomwe lingamveke mbali ziwiri, iwo anatero, ndi lowonongeka, ndipo owerenga anachita bwino kulitaya. Anaonjezera mfundo ya ndondomeko, yakuti nthawi yotsutsa pepala ndi pomwe lili patebulo, osati mawa lake owerenga atasaina kale ndipo aliyense akudziwa kuti voti imodzi isintha zonse.

Mfundo yachiwiriyi ndi yolimba kuposa yoyamba. Pa tanthauzo la mzere, anthu oganiza bwino akhoza kusiyana, ndipo ambiri amene anaona chithunzi cha pepalalo anaona ngati kufafaniza. Koma kulola pepala limodzi kubwerera kukhoti, mbali imodzi yokha itakonzekera, kumasiya funso la mapepala ena onse amene anatayidwa tsiku lomwe lija popanda wowabweza. Oweruza sanaone choncho. Anati ntchito yowerenganso siitha mpaka khoti litatsimikiza, ndipo anagamula kuti votiyo ndi ya bambowa. Manambala anakhala 11,608 kwa 11,608.

Anzathu oyendetsa makampeni aone malo awiri pamene mbali ya mayiwa inatsala poyera. Oyamba ndi patebulo lowerengera. Monita aliyense ayenera kukhala ndi kabuku kolembamo pepala lililonse lomwe latayidwa kapena lomwe anthu akanganapo: malo ovotera ake, momwe likuonekera, amene ananena chiyani, ndi momwe zathera. Madzulo timabuku tonse tipite kwa loya. Mbali ina ikabwera ndi pepala limodzi m'mawa, loya wanu akhale ndi mndandanda wake m'thumba, kuti auze oweruza kuti ngati bokosi likutsegulidwa, awa nawonso aonedwe. Malo achiwiri ndi maola apakati pa kuwerenga ndi kusaina. Msonkhano wa khoti wa mawa lake anthu ambiri ankauona ngati mwambo wongomalizitsa. Wotsogola ndi voti imodzi ayenera kupita kumeneko atakonzeka ngati akukayamba mlandu, kabuku ka zitsanzo kali m'manja ndipo ndime za lamulo zili zochongeratu.

Za kalata ija palinso phunziro la mbali zonse. Munthu amene anailemba anavomera chinthu patebulo mtima ukukana. Owerenga ndi mamonita aphunzitsidwe mawu amodzi osavuta: ukakayika, usagwirizane, pempha kuti pepala lipatulidwe. Kupatula sikuwononga kanthu, kumangopereka pepala kwa oweruza nthawi yake. Maphunzirowa achitike ndi mapepala enieni oyeserera, odetsedwa mosiyanasiyana, osati kungowawerengera malamulo. Amene anatsatira mlandu wa chisankho cha 2019 ku Malawi akudziwa kulemera kwa siginecha ya monita pa fomu ya zotsatira, ndi momwe zimavutira kudzatsutsa pambuyo chinthu chomwe munthu wako anasainira.

Chiganizo chachiwiri: kubwerera kwa oweruza omwewo

Mu 2017 lamulo la Virginia linkati mavoti akafanana, bodi ya chisankho ya chigawo ichite maere. Ndi lamulo lakale kwambiri, mizu yake ili m'chaka cha 1705, ndipo pa mpando wa House of Delegates linagwirapo ntchito mu 1971 ku Fairfax. Maere anakonzedwa kuti achitike pa 27 Disembala.

Njira za mayiwa zinali zochepa, chifukwa chigamulo cha khoti lowerenganso mavoti sichipita ku apilo. Chotsala chinali kupempha oweruza omwewo kuti aunikenso chigamulo chawo. Anatero, ndipo bodi inaimitsa maere kudikira yankho. Mwayi wopambana pempho lotere ndi wochepa kulikonse, koma panalibe chotaya. Akanapambana, mpando ndi wawo. Akanalephera, maere anali akadalipo. Pa 3 Januwale 2018 oweruza anakana. Mayiwa anapempha bambowa kuti onse awiri alonjeze kuvomera zotsatira za maere osapitanso kukhoti, koma bambowa sanalonjeze.

Pa 4 Januwale ku Richmond, kunja kukugwa chipale chofewa, akuluakulu a bodi analemba mayina awiriwo pa timapepala, nkuika kalikonse m'kabotolo kosungiramo filimu ya kamera. Timabotoloto anatiponya m'mbale yadothi yobwerekedwa ku Virginia Museum of Fine Arts, nkutisakaniza. Wapampando wa bodi anatola kamodzi, ndipo munali dzina la bambowa. Wachiwiri wake anatsegula kotsalako kuti anthu aone kuti dzina la mayiwa linalimodi. Mayiwa anali m'chipindamo, bambowa sanabwere.

Chiganizo chachitatu: kuvomera

Lamulo linali ndi mawu oti wogonja pa maere akhoza kupempha kuwerenganso, koma silinanene bwino ngati zimenezi zikugwira pamene kuwerenganso kwachitika kale. Ena m'chipani ankafuna kuti mayiwa ayese. Masamu ake sankalimbikitsa. Nyumba inkatsegulidwa pa 10 Januwale, ndipo tsiku loyamba ndilo amasankha sipikala ndi kukhazikitsa malamulo a makomiti. Mpando wa Dera 94 ukanakhala wopanda munthu podikira khoti, Republican ikanakhalabe ndi 50 kwa 49, nkusankha sipikala wake. Mlandu ukanangosiya anthu a m'deralo opanda phungu nthawi ya bajeti, ndipo mlandu wa kusowa kwa phunguyo ukanagwera mayiwa, amene ankafuna kudzaimanso pakatha zaka ziwiri. Pa 10 Januwale anavomera kugonja. Nyumba inayamba ntchito ndi 51 kwa 49.

Zomwe zinadziwika mochedwa

Patapita miyezi, nyuzipepala ya Washington Post itafananiza maadiresi a ovota ndi mapu a malire, inapeza kuti anthu 26 okhala m'Dera 94 anaikidwa molakwika m'dera loyandikana nalo, ndipo anavota kumeneko. Anthuwa anali a m'malo okonda Democratic. Palibe anganene motsimikiza amene akanamuvotera, koma pa chisankho chofanana ndendende, 26 ndi nambala yaikulu.

Cholakwika chotere chimabadwira pamene malire a dera adula pakati pa malo ovotera amodzi, mwina msewu umodzi, mbali iyi dera lina, mbali inayo dera lina. Pamalo otere pamakhala mitundu iwiri ya mapepala, ndipo wogawa mapepala amangotsata zomwe kaundula akunena. Kaundula akalakwa, wovota sazindikira, makamaka ngati sakudziwa dzina la phungu wake. Chaka chomwecho m'Dera 28, cha ku Fredericksburg ndi Stafford, anthu 147 anapatsidwa mapepala olakwika pa mpikisano womwe unatha ndi kusiyana kwa mavoti 73, ndipo khoti linakana kuimitsa wopambanayo kuti asalumbire. Voti ikalowa m'bokosi lolakwika siibwerera, chifukwa ndi yachinsinsi ndipo palibe angailoze kuti iyi ndi ya uje.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo koma ayenera kumwedwa chisankho chisanafike. Tengani kaundula, muike maadiresi onse pa mapu ovomerezeka a malire, muyang'ane misewu ya m'mphepete ndi nyumba zogona anthu ambiri zomwe zamangidwa kumene. Munthu mmodzi wodziwa kompyuta akhoza kumaliza m'masiku ochepa. Zolakwika zikapezeka kudakali miyezi iwiri, ofesi ya chisankho imakonza ndi kalata wamba. Ogogoda m'makomo nawonso auzidwe kuti akamva munthu akuti chikalata chake chikuonetsa dera lina pomwe mnansi wake ali m'dera lanu, alembe adiresiyo.

Zotsatira zake

Mu Juni 2018 khoti la feduro (la boma la dziko lonse) linagamula kuti madera 11 a House of Delegates anadulidwa mosemphana ndi malamulo, pounjika ovota akuda m'madera ochepa. Dera 94 silinali pakati pa 11 amenewo, koma Dera 95 loyandikana nalo linalipo, choncho pokonza mapu malire a Dera 94 anasunthanso nkulowetsa ovota ambiri a Democratic. Atsogoleri a nyumbayo anakadandaula ku Supreme Court (khoti lalikulu la dziko lonse), yomwe mu Juni 2019 inati alibe mphamvu yochita apilo paokha, ndipo mapu atsopano anakhala.

Pa 5 Novembala 2019 awiriwa anakumana kachitatu. Mayiwa, amene ulendo uno anayamba msanga ndipo dzina lawo linali litadziwika kale dziko lonse, anapeza pafupifupi 58 pa 100, bambowa pafupifupi 40. Kupambanaku kusawerengedwe ngati umboni wa kampeni yabwino yokha, pakuti mapu anachita mbali yaikulu. Chipani chawo chinatenga nyumbayo ndi mipando 55 kwa 45, ndipo mu 2020 aphungu anasintha lamulo kuti mavoti akafanana pambuyo powerenganso, khoti liziitanitsa chisankho chapadera m'malo mwa maere.